Wochita ndi Wochitidwa

Chipinda chathu chili pamwamba pa sitolo ya simenti,
kuseri kwa msika wa pa boma.
Magetsi akazima, fani imaima ngati yakumbukira ngongole,
ndipo timamva akabaza pansipo akulimbirana munthu mmodzi.
Tilipo anayi. Amatilipira pa chiganizo.

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa makina kuloza chala.
Mwana waswa mbale ndi mwala pakhonde:
mwana ndimampaka kufiira, wochita,
mbale chikasu, yochitidwa,
mwala ndi chida, khonde ndi malo.
Ziganizo zikwi zisanu ndi ziwiri chiyambire Malichi,
tsopano makinawo amalosera okha, ine ndimangowongola.

Koma ikabwera yoti mbale yasweka
amasuzumira kutsogolo, amasuzumira kumbuyo,
ngati wapolisi wofika ndewu itatha.
Ndimawauza kuti siyani bokosilo lopanda kanthu.
Kwathu kuno mbale imadziwa kusweka yokha
woswayo akakhala mlamu wako.

Twaibu wa pawindo wakhala akulimbana ndi chimodzi:
Ajibu anabera amalume ake nkhuku.
Makina akuti amalume ndiwo olandira,
mphwawo wawachitira chifundo.
Twaibu akuseka mpaka kutsokomola:
mukanawaona amalumewo m'mawa mwake ku M'baluku,
chikwanje m'manja, khola lili pululu!
Ndipo tikalemba kuti Che Anubi afika,
makina amayala mipando ya gulu,
pomwe ndi nkhalamba imodzi ndi ndodo yake.

Lachitatu anatipatsa ziganizo za m'malipoti.
Mankhwala atha.
Fayilo yatayika.
Ndalama za mjigo zasowa.
Makina anapaka mankhwala kufiira,
ngati anadzuka okha pa shelefu,
nkuvala nsapato, nkupatsa moni mlonda pa geti.
Buku la malangizo likuti wochita akapanda kutchulidwa, usamupeke.
Ndinasiya mabokosi makumi anayi ali mbee
isanakwane nthawi ya chiwaya.

Kenaka, dzuwa likuwotcha malata,
mwazini wa ku Mpondasi atangomaliza kuitana,
chinabwera ichi, sindikudziwa anachilemba ndani:
Bambo anatisiya usiku wa Lachiwiri.

Makina sanachedwe.
Bambo, kufiira.
Kachidutswa kaja, ti, kobisala m'mimba mwa mneni, chikasu.
Pambali nambala: akutsimikiza kwambiri.

Anga anali telala pakhonde la Che Mdoka.
Sanasiye munthu.
Anandigwira pamkono mu wodi mpaka zala zinadinda,
akufunsa ngati buluku la mphunzitsi wa ku Malindi
ndalipinda m'munsi, poti mwini wake abwera Loweruka.
Nesi anati mpweya watha m'botolo.
Watha.
Mneni wina uja wosafuna mwini.

Mabatani ndi awiri: vomereza, konza.
Abiti Ndembo akuyenda kumbuyo kwathu,
akuti tatsala ndi mazana awiri, netiweki ikadalipo.

Ndinausiya kaye mtundu wofiirawo pa iwo,
mphindi imodzi, mwina ziwiri,
chifukwa nanenso ndinawapaka choncho zaka ziwiri zathunthu,
ndikamalipira lendi, ndikamaona makina awo osokera
ataphimbidwa ndi chitenje pakona.
Kenaka ndinaufufuta.
Ndinalemba m'kabokosi ka ndemanga:
apa kusiya si kuchita.
Amene akuoneka ngati wanyamuka ndiye wagweredwa.

Akuti ndikakonza chimodzi,
penapake m'kati mwa makinamo timiyeso timasuntha pang'ono,
pang'ono zedi, ngati sikelo ya wogulitsa mpunga
ikagwerapo njere.
Sindikudziwa ngati mawa adzakumbukira,
kapena adzayamba kukayikira aliyense wosiya,
ngakhale mwamuna wa Asiyatu amene anapita ku Joni
ndi mapazi ake, ndi chikwama chake, masana.

Fani inayambanso.
Chotsatira chinali mbuzi yadya chimanga cha eni.
Makina anakhoza.
Ndinavomereza.